Pasipoti ya m'Gitala

Pasipoti ya mwana wanga sinalowe yokha m'gitala, ndiponso si mwanayo amene anaiponyamo. Ndinaiponyamo ndine, ndi manja angawa. Anthu otidziwa kuno ku Dubai amaikamba nkhaniyi moseka, ati kamtsikana ka zaka ziwiri kanakana kokha ulendo wa kumudzi. Nanenso ndimaseka nawo. Miyezi isanu ndi inayi yatha ndikuseka, mpaka nsagwada zikuwawa. Lero ndati ndilembe mmene zinayendera, chifukwa palibe amene ndamuuzapo, ngakhale mayi anga ondibala.

Ndiyambe ndi chidani changa, poti mpamene panagona mutu wa zonse. Nyimbo za kantire ndimadana nazo. Zija za azungu ovala zipewa zikuluzikulu, oimbira m'mphuno, chimunthu chandevu zake chikulira kuti galu wafa, mkazi wathawa, galimoto yatitimira m'matope. Kwathu anthu amazikonda ngati oimbawo ndi a ku Mitundu. M'basi ndi zomwezo, kometetsa ndi zomwezo, pa wailesi Lamulungu masana ndi zomwezo. Chidanichi sindinachite kutola panjira. Bambo anga ankazikonda nyimbozi. Ankapukuta nsapato pakhonde akuziimba ndi mluzu, ndipo nsapato zomwezo ndi zimene anavala tsiku lomwe anapita ku Joni osabwerako. Mayi anga atapeza ntchito m'tauni anakanditula kwa mayi aakulu ku Dedza. Anati ndi miyezi ingapo chabe. Ndinakhalako zaka zisanu ndi zinayi. Sanandizunze, ayi, ndisawanamizire. Koma tsiku lomwe mayi anabwera kudzanditenga ndinawapatsa moni wogwada ngati alendo, ndipo mpaka lero tikamalankhula pa foni nkhani zimatithera mphindi ziwiri zisanakwane.

Ndiye taonani nthabwala za Mulungu: ndinakwatiwa ndi munthu wa kantire.

Mwamuna wanga ndi dalaivala. Amayendetsa vani yonyamula katundu kuchokera ku nyumba zosungiramo zinthu ku Al Quoz, tsiku lonse ali pamsewu, wailesi ili pakhutu. Ine ndili pa resepushoni ya hotelo ina ku Business Bay. Satifiketi yanga ya ku koleji inandithandiza kupeza mwayi woimirira maola asanu ndi anayi ndikumwetulira anthu amene sandiyang'ana n'komwe. Timakhala m'fulati yogawana ndi mabanja ena atatu, chipinda chathu n'chodulidwa ndi thabwa, moti mnzako akayetsemula kuseli umayankha. Mwana masana amakhala kwa mayi wina wa ku Sri Lanka pa nsanjika yachitatu, yemwe amasunga ana asanu ndi awiri pabalaza pake.

Mwamuna wangayu si woipa. Samwa, samenya, malaya amasita yekha. Vuto lake ndi pakamwa. Nkhani yolemera sangakuuze maso ndi maso. Amayamba kukanda kumutu, kuyang'ana nsapato, kenako n'kukufunsa ngati mafuta ophikira alipo. Ali mwana ankafuna kudzakhala muulutsi wa pa wailesi, ndiye anapeza njira yake. Amaimika vani, n'kuyamba kujambula uthenga wa mawu pa foni, n'kuika nyimbo. Nyimboyo imayamba yatha yonse, kenako amatsitsa wailesi n'kuyamba kulankhula ndi mawu okuya aja, ngati akupereka moni kwa omvera a kwa Jenda. Anandifunsira choncho. Nthawi imeneyo ndinkamvetsera mpaka kumapeto, ndinkati n'chikondi. Munthu ukakhala pa chibwenzi umapirira ndi fodya yemwe.

Mwana atabadwa ndinasiya. Mwezi uliwonse ukamatha ankanditumizira “nyimbo ya mwezi”, uthenga wa mphindi zisanu ndi ziwiri, nthawi zina zisanu ndi zitatu. Ku ntchito foni imakhala m'loka. Nthawi yopuma ndi yochepa, ndipo yonseyo ndimathera kuimbira mayi wosunga ana uja: wadya? watentha thupi? wachita chimbudzi? Ndimada nkhawa ndi chilichonse, ndinabadwa choncho. Ndiye ndikatsegula uthenga uja n'kumva gitala akuti ting'iting'i, mtima unkangoti thibu. Ndinkatseka pomwepo, n'kutumiza kachala kovomereza kaja. Pena ndinkalemba kuti, “Zili bwino, bambo ake.” Chaka chathachi chokha, mauthenga khumi ndi awiri, palibe ndi umodzi womwe umene ndinaumva kupyola pomwe woimba amatsegulira pakamwa. Madzulo ankandifunsa, “Munamva?” Ine, “Eee, ndamva.” Iye n'kumwetulira ngati wapepukidwa, n'kutenga gitala wake wakale amene amadziwa kumugwira malo atatu okha.

Kuno kuli gulu la okonda kantire, Amalawi ndi a ku Zambia pamodzi. Muli anesi, mainjiniya, madalaivala, ndipo tcheyamani wawo ndi bambo wina wachikulire wowerengera ndalama pa kampani ina ku Downtown Dubai, yemwe amavala mabuti a nsonga ndi chipewa cha oweta ng'ombe ngakhale sanakamepo mbuzi chibadwire. Chaka chonse amakangana pa foni. Disembala akafika, nyengo itazizira, amakumana ku paki masana, kuotcha nyama, n'kusankha nyimbo zopambana za chakacho. Ali ndi mwambo wawo: aliyense amaimirira, n'kuika nyimbo yake pa sipika, ikatha n'kunena amene akumupatsa nyimboyo ndi chifukwa chake. Amati “kupereka”. Munthu akamapereka, onse amakhala chete ngati m'tchalitchi.

Disembala wathayu ndinapita nawo chifukwa cha mwana, kuti apondeko udzu. Ndinakhala pamkeka ndi azimayi, tikudula anyezi ndi tomato, amuna ali pa mkangano wawo wa chaka chilichonse. Tcheyamani amati nyimbo za chaka chimenecho zaonongeka, anyamata atsopanowa akuika ng'oma za pa kompyuta, ena akuchita kulankhula m'malo moimba.

“Imeneyo si kantire, ndi phokoso lovala chipewa!” anatero.

Nesi wina wa ku Zambia, mayi wa pakamwa posapsa, anamuyankha ali ndi mpeni m'manja. “Ba tcheyamani, imwe mufuna che nyimbo zamene munamvela muli na tsitsi. Manje tsitsi inayenda, lekani na nyimbo ziyende!”

Anthu anafa nacho chiseko. Kenako anatembenukira kwa ine. “Nanga ba mulamu, imwe nyimbo yanu ya chaka ni iti?”

“Yanga ndi ija imatha msanga,” ndinatero. Anaseka poyesa ndikucheza.

Anayamba kupereka. Wina anaika ya munthu wolankhula ndi botolo la mowa, n'kuipereka kwa bwana wake wakale. Wina ya msewu wautali wafumbi, kwa mkazi wake ali ku Chipata. Injiniya wina anaika ya mayi wopempherera mwana wolowerera, n'kulira zenizeni, mamina ndi misozi, mwamuna wamkulu wa ana anayi. Ine mumtima ndinkangoti, abale, tikadye.

Kenako anaimirira mwamuna wanga. Nyimbo yake inali yofatsa, ya kamtsikana kothamanga kopanda nsapato pabwalo la agogo ake, nkhuku zikubalalika. Itatha anatsitsa sipika, n'kukonza kukhosi, mawu a pa wailesi aja n'kubwera.

“Nyimbo imeneyi ndikuipereka kwa mwana wanga uyo ali apoyo. Mwezi wamawa ndikamapita kutchuthi ndinyamuka naye, akakhale ndi agogo ake ku Kasungu, akakule ngati mwana, osati ngati katundu wa m'bokosi. Ndipo ndikuthokoza mayi ake, chifukwa si chinthu chapafupi, koma anavomera ndi mtima umodzi.”

Anthu anaomba m'manja. Wina analuluta. Tcheyamani anavula chipewa chija n'kubwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri. “Mlamu, mwaganiza ngati munthu wamkulu. Kuno si kolerera ana.” Nesi uja anandikumbatira, ati nayenso ake awiri ali kwa amake, umazolowera. Ine mpeni uli m'manja, anyezi ali pambale. Ndinamwetulira. Kumwetulira ndiyo ntchito yanga, ndimatha ngakhale mlendo akunditukwana. Mwana anali poteropo akuzula udzu n'kumaika m'kamwa.

Tinabwerera pa sitima. Titalowa m'chipinda ndinayatsa fani kuti a kuseli kwa thabwa asamve.

“Ndinavomera liti?”

Anandiyang'ana ngati ndamufunsa dzina lake. “Aa, mayi ake, bwanji kodi?”

“Ndikufunsa. Ndinavomera liti kuti mwana wanga apite?”

Anatulutsa foni, n'kusuntha ndi chala mpaka pa Ogasiti, n'kundionetsa. Uthenga wake wa mphindi zisanu ndi zitatu. Pansi pake mawu anga: Zili bwino, bambo ake. Anasunthanso mpaka Okutobala. Uthenga wake. Pansi pake kachala kanga, kali chilili.

Apa mpamene ndikanalankhula zoona. Mawu ake ndi ochepa: sindinamvere. Koma kunena zimenezo kunali kumuuza kuti chaka chonse wakhala akulankhula yekha m'vani ngati wamisala, ine ndikumunamiza madzulo aliwonse. Anali ataima pamenepo foni ili m'manja, nkhope ngati mwana wa sukulu wobweretsa kope kwa aphunzitsi. Ndinangoti, “Ndasintha maganizo.”

“Pano? Mayi auza kale mpingo wonse. Akonza ndi pogona pomwe. Anthu onse aja amva. Mukufuna ndioneke bwanji?”

“Muoneke mmene mungaonekere. Mwana ndi wanga.”

“Ndi wanga yemwe.” Anakanda kumutu, n'kuyang'ana nsapato. Kenako anafunsa ngati mwana wasamba.

Tsiku langa lopuma litafika, nditaperekeza mwana ku nsanjika yachitatu, ndinakakhala pa masitepe a kuseli kumene anthu sadutsa, n'kuvala zomvera m'makutu. Ndinamvera mauthenga onse khumi ndi awiri, kuyambira Januwale. Ndinapirira magitala onse aja, oimbira m'mphuno onse aja, mmodzi ndi mmodzi, kuti ndifike pamene mwamuna wanga amayambira.

Wa Januwale ndi wa Febuluwale zinali nthabwala chabe. Wa Malichi, itatha nyimbo ya munthu wosowa kwawo, ananena kuti tsiku lina anaweruka msanga n'kukapeza ana onse asanu ndi awiri atandandalikidwa kutsogolo kwa wailesi yakanema, wathu akudzigwedeza yekha uku ndi uku, ndipo atamuitana sanacheuke. Wa Meyi anati kutentha kwayamba, tsopano mwana akhala miyezi isanu osaponda dothi, kuchoka m'chipinda chozizira kulowa m'chipinda chozizira. Wa Juni anati mwana wathu amadziwa kunena yalla ndi khalas, tiyeni ndi basi m'Chiarabu, koma sadziwa kunena madzi. Wa Ogasiti mpamene ananena nkhani ija, akuzungulirazungulira, kuti mwana apite ku Kasungu, agogo ake akhoza kumulera, kuli bwalo, kuli ana a achemwali ake, ife tizipita chaka chilichonse.

Wa Okutobala ndi umene unandithyola msana. Anati, “Mayi ake, ndikufunsanso kachiwiri, chifukwa ndikudziwa za ku Dedza. Ngati mtima wanu sukufuna, ingonenani liwu limodzi, nkhaniyi ithera pompano, mayi sindinawauze. Koma mukavomera ndiwauza Lamulungu.” Kumbuyo kwake kumamveka chigalimoto chokwezera katundu chikulira pii, pii, pii pobwerera m'mbuyo. Ndipo ine, tsiku limenelo, ndili pa mzere wa chakudya ku kantini, ndinamutumizira kachala.

Mukuganiza kuti ndinalira n'kumumvera chisoni? Ndinalira, inde, koma ndi ukali. Munthu timagona bedi limodzi, timapumirana mpweya m'kachipinda koti ukatambasula mkono wagunda khoma, n'kukabisa tsogolo la mwana wanga kuseli kwa mzungu wolirira galimoto yake? Ndi nzeru zimenezo? Nkhani ya mwana ndi yoika kumapeto kwa nyimbo ngati moni wa tsiku lobadwa? Akanandigwira dzanja n'kundiuza pamaso, bwenzi nditakana mu Ogasiti momwemo, apongozi asanamve, tcheyamani asanavule chipewa chake chonyansacho. Ndinadana ndi nyimbozo kuposa kale. Ndinadana ndi gulu lonse lija, anthu akuluakulu osiya ana kumudzi n'kumadzitonthoza ndi nyimbo za kusowa kwawo, kulira pa paki kenako n'kudya nyama. Ndinadana ndi bambo anga amene sindikudziwa ngati ali moyo. Ndipo pansi pa zonsezo ndinkadziwa kuti khomo linali lotsegula, munthu anachita kundigwirira chitseko, ine osacheuka.

Apongozi anaimba foni ya kanema Lamulungu lotsatira. Anandionetsa kabedi kamatabwa kamene mlamu wanga anakhoma, neti yoteteza udzudzu itapachikidwa kale, tianapiye pabwalo.

“Apongozi, musadandaule. Ana onse a pakhomo pano ndalera ndine, palibe anafa ndi njala. Akangoyamba sukulu mudzamutenga. Si zaka zingati.”

“Zikomo, amayi,” ndinatero, ndikugwada ndi mawu.

Si zaka zingati. Ndinamva fungo la nyumba ya ku Dedza, utsi ndi mbatatesi, ndinaona kamtsikana kataima pamsewu wa basi Loweruka lililonse. Ndinayesanso kawiri kulankhula ndi mwamuna wanga. Ulendo woyamba anati tikiti yatuluka kale. Wachiwiri anati, “Munavomera kawiri, mayi ake. Ine ndinafunsa.” Ndipo zinali zoona, ndiye ndikanati chiyani? Kalata yovomereza kuti mwana ayende ndi bambo ake ndinasaina. Tizovala take ndinapinda ndekha m'kachikwama kofiira.

Mapepala athu onse amakhala mu envelopu yakhaki pamwamba pa wadiropu. Kutatsala masiku awiri kuti anyamuke, m'mawa iye atapita ku ntchito, ndinakwera pampando, n'kusolola kabuku ka mwana, pasipoti yake, n'kubwezera envelopu mmene inalili. Sindinganene kuti ndinachita mosaganiza. Ndinapukuta ndi pampando pomwe. Ndinakabisa kabukuko m'loka yanga ku hotelo, pansi pa nsapato zosinthira. Tsiku lonse ndinkasokoneza makiyi a alendo, mpaka mnzanga wa ku Kenya anandifunsa ngati ndili ndi malungo.

Anazindikira mawa lake masana, akulongedza. Anakhuthula envelopu pabedi katatu. Anatembenuza matiresi, anakoka wadiropu, anatulutsa zovala zonse m'kachikwama kofiira kaja n'kumakutumula kamodzikamodzi. A kuseli kwa thabwa anabwera kudzathandiza, mpaka kukafufuza m'bini ya kukhitchini. Ine ndinkafufuza nawo. Ndinagwada n'kusuzumira pansi pa bedi, n'kumati, “Mwina munapita nayo ku ntchito pokajambulitsa?” Anathamangira ku Al Quoz kukasanthula m'vani. Anabwerako malaya atanyowa, maso ali psu, n'kukhala pansi penipeni. Mwana anabwera kudzamukwera pamsana.

Tchuthi chake sichikanasunthika. Ananyamuka yekha. Pa bwalo la ndege anamunyamula mwana nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti ndikanene ku polisi kuti tiyambe za pasipoti ina. Ndinati chabwino. Sindinapite. Kunama kwa mwamuna wanga ndinatha, koma kukanama ku polisi m'dziko la eni, ayi, mantha anga sakanalola. Akafunsa pa foni ndinkati mashifiti andipanikiza, ndipita Lolemba.

Anadzandiuza mlamu wanga wamkazi, osati iye, kuti apongozi anaitana amayi a mvano kudzalandira mdzukulu. Anaphika, anasesa bwalo, ena anabwera ndi nsalu. Galimoto itaima anatsika mwana wawo yekha ndi chikwama chimodzi. Akuti apongozi anasuzumira m'galimotomo kawiri. Kuyambira pamenepo akandiimbira amangofunsa za nyengo.

Mwezi umenewo ndinatsala ndi mwana ndekha, ndipo pano ndiyenera kunena zimene sindifuna kunena. Tsiku lina ndinaweruka msanga n'kupita ku nsanjika yachitatu osaimba foni. Chitseko chinali chosakhoma. Ana ali ndandanda pa kapeti, makatani otseka, wailesi yakanema ikuphethira. Wanga ali kumapeto, chala m'kamwa, akudzigwedeza uku ndi uku. Ndinamuitana. Sanacheuke. Ndinamuitananso. Mayi uja anatuluka kukhitchini ndi mwana wina pamkono, wotopa ngati ine ndemwe, n'kuwomba m'manja, “Yalla, yalla, mama!” Mpamene mwana wanga anadzuka. Zonse zimene bambo ake ananena mu Malichi zinali pamenepo, sanawonjezere kanthu. Ndinamubereka kumbuyo ndi chitenje, anthu m'chikepe akundiyang'ana, ndikumuuza m'khutu, madzi, madzi, nena madzi. Anati khalas.

Koma usiku uliwonse ankagona dzanja lake lili m'khosi mwanga. Zimenezonso n'zoona. Akadzidzimuka ankapeza ine, osati neti ya kwa agogo.

Mwanayu ali ndi khalidwe lake lodziwika m'fulati monse: chilichonse chimene watola amakaponya m'bowo la gitala wa bambo ake. Masupuni, zotsekera mabotolo, chisa. Kutatsala tsiku limodzi kuti bambo ake abwere, ndinatenga kabuku kaja ku loka, n'kukapinda pang'ono, n'kukalowetsa pansi pa nsambo. Kanagwera m'kati, phu. Ndinaponyamonso supuni kuti zioneke bwino. Mwana anali pabedi akundiyang'ana, n'kuseka, poyesa ndi masewera.

Anafika atada ndi dzuwa la kwathu, atanyamula ufa, chiponde ndi tinsapato ta pulasitiki tochokera kwa agogo. Lamulungu masana anatenga gitala. Atangomunyamula anamva kukhocho kukhocho. Anamutembenuza n'kumugwedeza. Inagwa supuni. Chinagwa chotsekera botolo. Kenako ngodya ya kabuku inasuzumira pa bowo, n'kukodwa pa nsambo.

Bambo wa kuseli kwa thabwa anali pakhomo, ndiye anayamba kuseka mpaka kugwira khoma. “Achimwene, mwanayu ndi loya! Wakana yekha ulendo!” Pofika madzulo nkhani inali itafika ku gulu la kantire, chithunzi cha gitala ndi pasipoti chikuzungulira, nesi uja akuti mwana ameneyu adzakhala wa imigireshoni. Tcheyamani anati payenera kupekedwa nyimbo.

Mwamuna wanga sanaseke. Anasolola kabukuko bwinobwino, n'kukawongola pa bondo. Anayang'ana pamwamba pa wadiropu, pamene ngakhale ine ndimafika ndi mpando. Anayang'ana mwana, amene mutu wake sufika ndi pa chogwirira chitseko. Ine sanandiyang'ane.

“Mwanayu watalika msanga,” anatero.

Anabwezera pasipoti mu envelopu, n'kuika pamwamba pomwe paja.

Febuluwale akutha, foni yanga inalira ndili pa nthawi yopuma. Uthenga wa mawu, mphindi zisanu ndi imodzi. Sindinaimbire mayi wosunga ana tsiku limenelo. Ndinakakhala m'chipinda chosinthira zovala n'kumvera kuyambira poyamba. Inali nyimbo ya mwamuna ndi mkazi okhala nyumba imodzi koma aliyense akudya payekha. Ndinaipirira yonse, kudikira mawu a pa wailesi aja. Nyimbo inatha. Ndinamva akutsitsa wailesi. Ndinamva akukonza kukhosi. Kenako kupuma kwake basi, ndi chigalimoto chija kumbuyo, pii, pii, pii. Mphindi yathunthu ndi theka. Uthenga n'kutha.

Sindinatumize kachala. Sindinalembe kanthu. Madzulo sanandifunse ngati ndamva.

Umenewo unali womaliza. Malichi anadutsa, Epulo, mpaka pano Novembala, palibe nyimbo ya mwezi. Za ku Kasungu sanazitchulenso. Gitala ali pamwamba pa wadiropu pafupi ndi envelopu, akuti kuopa mwana. M'nyumba mulibe kantire tsopano, chinthu chimene ndinkapempherera zaka zonsezi, ndipo chete wake akundilasa kuposa magitala aja. Timalankhula za mafuta ophikira, za matewera, za amene akatenge mwana. Sabata yatha ndinamva akuuza tcheyamani pa foni kuti chaka chino alibe nyimbo yopereka, sanatsatire bwino zotuluka. Bodza. M'vani amamvera, ndinapeza zomvera m'makutu zatsopano m'thumba la malaya ake.

Mwana ali pano. Wakwanitsa zaka zitatu. Ndinapempha mashifiti a m'mawa kuti ndizimutenga msanga, ndipo kukazizira ndimapita naye kukaponda udzu. Madzi amanena tsopano. Kudzigwedeza kuja sanasiyiretu, ndipo ndikakuona ndimayamba kuwerenga pa foni zinthu zoopsa mpaka mutu kuwawa. Tinsapato take ta kwa agogo tija tamuthina asanatipondetse pa dothi la kwawo. Tsiku lina adzamva nkhani ya gitala, poti anthu saiwala zoseketsa, ndipo adzakula akukhulupirira kuti anasankha yekha.

Nyimbo zija ndimadana nazobe, musaganize kuti ndatembenuka mtima. Koma munthu anandifunsa kawiri, mwaulemu, m'njira yokhayo imene amatha, ine n'kumuyankha ndi chala. Pofuna kukonza bodza limenelo ndinachititsa manyazi mayi wokalamba pamaso pa anzake a mvano, n'kusenzetsa mlandu kamwana kosadziwa kulankhula. Mbali inayo, mwana wanga akadzuka amaona nkhope yanga, ndipo sadzandigwadira ngati mlendo. Ndikaika ziwirizi pa sikelo, tsiku lina kulemera uku, tsiku lina uko.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka amene munasiyidwapo kwa achibale, ndi inu amene munasiyapo anu: ndinalakwa kumusunga mwanayu mwanjira imeneyi? Mukanakhala inu pampando paja, envelopu ili m'manja, mukanaibweza osasolola kanthu?